Gitala ya agogo yanditopetsa zala, akuti ndiyambe slide, nanga kompyuta ndigule iti?

Wa ku 25: Moni nonse pagulu pano. Mundipirire ndilemba zambiri. Agogo anga aamuna anatisiya chaka chatha, ndiye pogawana katundu ine ndinatenga gitala yawo imene inkakhala pamwamba pa wadirobu, panalibe wina woifuna. Ndi ya bokosi yopanda magetsi, dzina lake linafufutika kalekale. Vuto ndi loti nsambo zatalikirana kwambiri ndi khosi, moti pa fret 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi tija) kachala kanga komaliza kamalowa pansi pa nsambo bwinobwino. Ndayesa kugwira G ndi C wamba koma zala zikuchita kutupa ndipo mawu ake akutuluka osokonekera. Mnzanga wina wa kwaya wati gitala yotereyi osaitaya, ndi yabwino kuimbira slide, zija amavala kabotolo kuchala n'kumatsetsereza pa nsambo. Ndaonera mavidiyo usiku wonse mpaka bandulo kutha ndipo kulira kwake kwandigwira mtima, imamveka ngati munthu akudandaula chapansipansi. Ndiyambire pati?

Yachiwiri, ndasunga kandalama miyezi 8, ndikufuna kompyuta ya pakhomo yoti ndiziphunzirirapo komanso kujambulirapo zimene ndikuimba. Ndapeza ziwiri mtengo wofanana. Ina ndi laputopu yatsopano ya m'bokosi, Celeron, RAM 4GB, storage 64GB. Ina ndi desktop yogwiritsidwapo kale ntchito, Dell OptiPlex i5, RAM 8GB, hard disk 500GB, sikirini ndi kiyibodi zonse pamodzi. Mtima ukukokera kwa yatsopanoyo chifukwa ili ndi waranti. Ndithandizeni akuluakulu.

Wokonza Makompyuta Limbe: Achimwene, Celeron ya 4GB imeneyo isiyeni pomwepo. Ndanena poyamba kuti musapite kukalipira mawa m'mawa. Zifukwa ndilemba ndikamaliza ndi kasitomala.

Kastudio Ndirande: Zoona, musaigule. Mukhala mukulira nayo.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ine ndiyankhe za gitala kaye poti ndi kumene kuli nkhani. Mnzanu wa kwaya uja wakuuzani zoona. Chimene chikukuvutani pogwira makodi ndi chimene woimba slide amafuna, chifukwa pa slide nsambo simuidinikiza mpaka pa khosi ayi, botolo limangokhudza pamwamba basi, ndiye nsambo zikakhala pafupi kwambiri botolo limagundagunda ma fret n'kumamveka khokhokho. Anthu ena amachita kukweza dala. Choyamba sinthani tchuni. Yambani ndi open G, kuchokera nsambo yaikulu kupita yaing'ono: D G D G B D. Kuchoka pa tchuni wamba mukungotsitsa nsambo zitatu, ya 6 (yaikulu ija) kuchoka E kupita D, ya 5 kuchoka A kupita G, ya 1 kuchoka E kupita D. Mukatero kungokhwacha osagwira paliponse mwamva kale G. Botolo likagona mowongoka pa fret 5 ndi C, pa fret 7 ndi D, pa 12 mwabwerera ku G koma wam'mwamba. Nyimbo zambiri za kwaya ndi za kumudzi zimayenda pa makodi atatu omwewa.

Chachiwiri chimene ambiri amalakwitsa, botolo liziima pamwamba penipeni pa kachitsulo ka fret, osati pakati pa ma fret monga mmene timaikira chala. Mukaliika pakati mawu amatsikira pansi ndipo khutu limamva kuti china chake chavunda ngakhale munthu sadziwa nyimbo.

Wa ku 25: Zikomo aphunzitsi. Ndatchuna pompano ndi app ya pa foni, ndayesa ndi botolo la mankhwala a chifuwa, mawu akubwera koma pali phokoso lina ngati mphaka akulira kumbuyo, nsambo zonse zikulira nthawi imodzi. Nanga ndinaona ena akuti open E ndi imene akatswiri amagwiritsa ntchito?

Aphunzitsi a ku Zomba: Open E pa gitala yakale ngati imeneyo ayi chonde. Imafuna kukweza nsambo zitatu, kukoka kumachuluka, bridge, pamene nsambo zimamangidwa pa bokosi paja, ikhoza kumatuka kapena khosi kupindika zenizeni. Duane Allman ndi Derek Trucks amadziwika ndi open E koma pa gitala ya magetsi ya nsambo zopepuka. Inu mukafuna kamvekedwe komweko tchunani open D, D A D F# A D, imene Elmore James ankaikonda, ndi chinthu chimodzi kungoti chatsika. Phokosolo ndi loti simukutseka kumbuyo. Zala zimene zili kumbuyo kwa botolo, mbali ya kumutu kwa gitala, zizigona pa nsambo mopepuka n'kumayenda limodzi ndi botolo, zimapha kulira kwa mbali inayo. Dzanja lamanja nalo lili ndi ntchito, nsambo imene simukuifuna muziitseka ndi chala kapena m'mphepete mwa chikhato. Theka la slide ndi kutontholetsa nsambo zosafunika.

Asisi a ku Leeds: Apa aphunzitsi anena chimene chinanditengera miyezi kuti ndimve. Ine ndinayamba nthawi ya Covid, ndikaweruka ku chipatala usiku mutu uli wolemera ndinkangofuna chinthu chondikhazika mtima pansi. Sabata zoyamba ndinkathamangira kuimba nyimbo yonse ndipo zinkamveka zoipa mpaka ndinkatseka chitseko kuti ana asamve. Chimene chinandithandiza ndi kusiya zonse n'kugwira nsambo imodzi yokha, ya 1. Kuchoka pa fret 10 kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka 12, kuima, kumvetsera ngati ndafika. Kenako kudinikiza ndi chala pa 12 pomwepo kuti ndiyerekeze. Mphindi 15 tsiku lililonse basi. Komanso muziimba ndi pakamwa kaye mawu amene mukufuna kenako botolo liwatsate, chifukwa pa slide fret siikuthandizani, khutu ndi limene likuyendetsa. Kunjenjemeretsa kuja musakufulumire, muyambe mwafika pa noti kaye kenako mugwedeze dzanja lonse pang'onopang'ono osati chala chokha.

Ine ndimavala pa chala cha mphete, ambiri amati kachala komaliza kuti zitatu zinazo zizigwira makodi, Bonnie Raitt amavala pa chapakati. Palibe lamulo, mchimwene wanga, yesani zonse.

Wokonza Makompyuta Limbe: Ndabwera tsopano. Laputopu ija vuto si kukhala Celeron kokha. 64GB imeneyo nthawi zambiri si SSD yeniyeni, chosungira mafayilo chothamanga chija, ndi eMMC, kachipu komatidwa pa motherboard, sikasinthika. RAM nayo pa tima laputopu totere kawirikawiri ndi yomatidwa, 4GB mpaka imfa. Windows yokha ndi ma update ake idya gawo lalikulu la 64GB, mukatsegula Chrome ndi YouTube RAM yatha. Waranti siikonza kuchedwa, amangokuuzani kuti ndi mmene inapangidwira.

OptiPlex ndi makina olimba, anapangidwira ma ofesi, ndimawatsegula tsiku ndi tsiku. Koma kungoti i5 sikokwanira, funsani nambala yonse. Pa makina akale ngati amenewa, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndi generation. i5-4570 ndi ya chinayi, yakale ndithu. i5-8500 ndi ya 8. Izi ndi zofunika chifukwa Microsoft inasiya kupereka ma update a Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna Intel ya 8 kupita m'tsogolo kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo, kuphatikiza TPM 2.0. Ogulitsa ena amaikamo Windows 11 mokakamiza pa makina akale ndiye musangoona sikirini n'kukhulupirira. Dinani Ctrl Shift Esc, pitani pa Performance, CPU ikuuzani yokha dzina lake. Ndipo hard disk ya 500GB ija ichotseni muikemo SSD ngakhale ya 256GB, kusiyana kwake ndi usiku ndi usana.

Wa ku Joni: Ine sindikugwirizana ndi desktop. Bwana wa ku Limbe mukuiwala magetsi. Kuno tinadutsa mu load shedding ndipo ndikudziwa kwathunso amazimazima. Munthu uli pakati pojambula, take yabwino yomwe waisaka ola lonse, thii magetsi azima, zonse zapita, mwinanso ndi hard disk yomwe. Laputopu ili ndi batire yake, ndi UPS kale, kabokosi kaja kosunga moto magetsi akazima. Komanso imadya mawati ochepa, chaja cha 65W chimayenda pa kasola kakang'ono, pamene desktop ndi sikirini yake zimafuna inverter yokulirapo. Asake laputopu ya ThinkPad yakale basi, T480 ndi imene ndili nayo, ili ndi malo awiri a RAM komanso mabatire awiri, ina mkati ina yochotsa.

Wokonza Makompyuta Limbe: Magetsi sindinawaiwale mkulu, ndimakhala nawo. Koma taganizani, laputopu yakale imabwera ndi batire yotha, kiyibodi yodyeka, mahinji ogwedera, ndipo ikafa motherboard mwataya zonse. Desktop ikafa power supply mumangosintha power supply. Fumbi la ku Lilongwe la mu October ndimalidziwa, desktop umatsegula n'kupemerera mphindi zisanu, laputopu mpaka kumasula timasikuluwu khumi. Akagula ka UPS ka 650VA kamupatsa mphindi zingapo zoti asevere ntchito n'kuzimitsa bwino.

Wa ku Joni: Kusevera n'kuzimitsa, kenako akhale chete mpaka magetsi abwere? Pamene nthawi yabwino yojambula ndi imene magetsi azima, mawailesi a maneba onse ali zii, furiji yasiya kulira, chigayo chaima.

Kastudio Ndirande: Apa a ku Joni anena zenizeni, ma vocal anga oyera kwambiri ndinajambula magetsi atazima. Koma nonse awiri mukukangana pa chinthu chimene si chachikulu kwa mnyamatayu. Kujambula gitala imodzi ndi mawu amodzi si ntchito yolemetsa kompyuta. Fayilo ya mawu ya WAV ya 24 bit pa 48kHz track imodzi imadya pafupifupi 8.6MB pa mphindi, si kanthu. Sakufuna graphics card, sakufuna i7, zimenezo ndi za ma game ndi mavidiyo. i5 ya 8 ndi RAM 8GB ndi SSD zakwana, 16GB akadzapeza. Ndalama yotsala ipite pa audio interface, kabokosi kolumikiza mayiki ku kompyuta, ndi mayiki yomwe chifukwa pamenepo ndi pamene mawu amalowera. Gitala yake ilibe pickup ndiye palibe choti alumikize ndi waya, ndi mayiki basi. Focusrite Scarlett Solo kapena Behringer UMC202HD, zonse zili ndi ASIO driver yakeyake, kapulogalamu kolumikiza interface ndi kompyuta. Ting'onoting'ono tija UM2 ndi UMC22 timadalira ASIO4ALL, timagwira koma pamafunika kuleza mtima.

ASIO ndikuikamba chifukwa cha latency, kuchedwa kuja kwa mawu pakati pa kukhwacha ndi kumva mu hedifoni. Pa slide zimenezi ndi zoopsa kuposa pa gitala wamba, poti khutu ndi limene likuuza dzanja pomwe liime, ndiye mawu akamabwera mochedwa dzanja limapitirira. Buffer, nambala imene mumasankha mu ASIO, ikakhala 128 pa 48kHz ndi 2.7ms mbali imodzi, simungaimve. Ya 1024 ndi yoposa 21ms, mumva ngati mukuimba ndi mthunzi wanu. Kapena ingodinani batani la direct monitor pa interface, mawu azibwera osadutsa mu kompyuta. Pulogalamu yambani ndi Audacity ndi yaulere, kenako Reaper, amakupatsani masiku 60 oyesera ndipo ndi yopepuka kwambiri.

Madala a ku Lunzu: Ana inu ndakhala ndikuwerenga chete kuyambira m'mawa, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera chifukwa maso anatha. Za makompyuta ndilibe mawu. Koma mukutchula slide slide ngati chinthu chabwera dzulo pa intaneti. Ife tinkati hauyani. Kuchokera ku mawu oti Hawaiian. Gitala unkaigoneka pa miyendo nsambo zikuyang'ana kumwamba, dzanja lamanzere lagwira kabotolo kapena mpeni, n'kumayendetsa. Zaka za m'ma 1950 ndi 1960 anyamata obwera kuchokera ku Salisbury imene lero ndi Harare, ku Bulawayo ndi ku Joni ankabwera ndi magitala ndi magalamafoni, ndipo pa mowa Loweruka madzulo hauyani inkalira mpaka amayi kusiya miphika pamoto. Funsani aliyense wa msinkhu wanga za Ndiche Mwarare akuuzani. Daniel Kachamba wa kwa Singano ku Chileka kuno, amene anamwalira 1987, nayenso ankaidziwa bwino gitala ndi matchuni ake osiyanasiyana, mpaka mzungu wa ku Austria uja Gerhard Kubik anakhala nawo zaka zambiri akulemba ndi kujambula.

Tsono iwe mwana wa ku 25, ndikufunse. Wati nsambo zakwera. Kodi khosilo waliyang'ana bwino kuti ndi lopindika? Taika diso kumutu kwa gitala uyang'ane motsetsereka ngati kalipentala akuona thabwa. Kenako uyang'ane pamene nsambo zimadutsa kumutuko, pa kafupa koyera kaja. Pali chimene chinaikidwa pansi pake?

Wa ku 25: Agogo, ndayang'ana ndi tochi ya foni ndipo thupi langa lachita tsemwe. Khosi ndi lowongoka. Pansi pa nsambo kumutuko pali kachitsulo kozungulira kadzimbiri, kakuoneka ngati sipoko ya njinga yodulidwa, kagonekedwa mopingasa ndipo nsambo iliyonse inadya kamzere kake pamenepo. Ine ndimayesa ndi mmene gitalayi inapangidwira. Ma fret nawo ndi osadyeka ngakhale pang'ono ngati sanakhudzidwepo, koma m'mbali mwa bokosi, mbali imene ingagunde pamimba munthu ataigoneka, vanishi anatha mpaka thabwa likuoneka loyera.

Madala a ku Lunzu: Basi. Agogo ako sanali ndi gitala yowonongeka, anali woimba hauyani. Kachitsulo ako usakachotse.

Asisi a ku Leeds: Mayo ine, ndawerenga kawiri. Agogo aakazi alipo? Muwaimbire foni lero lomwe.

Aphunzitsi a ku Zomba: Ndiye zimene ndinanena zovala botolo kuchala zisinthe pang'ono. Nsambo zikakwezedwa kuyambira kumutu chonchi makodi a zala sangatheke n'komwe, gitalayo igonekeni pa miyendo monga anenera madala. Chitsulo kapena botolo mumaligwira pakati pa chala chachikulu ndi chapakati, cha mkombaphala chili pamwamba, ziwiri zotsalazo zikukhwekhwereza pa nsambo kumbuyo kutseka phokoso. Ubwino wake ma fret mumawaona bwinobwino kuchokera pamwamba. Kaimbidwe aka kanayambira ku Hawaii kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi Joseph Kekuku, ndipo magalamafoni ndi amene anakafalitsa dziko lonse. Ku Mississippi nako anthu akuda anali ndi njira yawo, W.C. Handy analemba kuti cha m'ma 1903 pa siteshoni ya sitima ku Tutwiler anamva munthu akuimba gitala ndi mpeni. Komanso ana kumeneko ankakhoma waya umodzi pa khoma n'kumautsetsereza ndi botolo, amati diddley bow. Mukaona Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni wake, waya umodzi, kamtengo dzanja lina botolo dzanja lina, muona kuti zinthuzi ndi zapachibale.

Wa ku Joni: Kunonso mkulu wina wa ku Karoo, Hannes Coetzee, anatchuka poimba slide ndi kasipuni ka tiyi kali kukamwa manja onse awiri ali pa gitala. Msakeni pa YouTube. Mukafuna kuona bwino zala tsitsani speed pa 0.5, tchuni sichisintha.

Kalipentala wa Mchesi: Ndingothandizapo pa botolo poti pali amene angamuuze zomanga ulusi wa parafini n'kuyatsa kenako kuviika m'madzi. Zimatheka koma mabotolo asanu limodzi ndi limene limaduka bwino, ndipo ine ndili ndi chipsera pa chikhato chifukwa cha zimenezo. Pitani kwa odula magalasi a mawindo, mutenge botolo la wayini la khosi lowongoka, akulembereni mzere ndi chodulira chawo. Mukafika kunyumba sandipepa wa madzi, muyale pa thabwa, muthire madzi, muzizunguliza kukamwa kwa galasilo mpaka kusalale koti mukhoza kupititsa pa mlomo osachekeka. Koma poti mwati muziigoneka pa miyendo, chabwino ndi cholemera. Socket ya sipanala yaitali ija ya ma plug a galimoto, ya chrome, pa msika wa zitsulo imapezeka. Paipi ya kopa ya 22mm imagwiranso koma ndi yopepuka ndipo imasiya zobiriwira kuchala.

Kastudio Ndirande: Pa mayiki galasi limamveka lofewa, chitsulo chimalira nthawi yaitali koma chimakanda pa nsambo zokulungidwa zija. Ine ndimakonda galasi lochindikala. Nsambo agulenso zatsopano, zochindikala za saizi 12 kapena 13, zopepuka zimathawa pansi pa botolo.

Aphunzitsi a ku Zomba: 13 pa gitala ya zaka zimenezo ndikuopa, 12 yakwana poti watsitsa tchuni. Ndipo asinthe imodziimodzi kuti kasipoko kaja kasasunthe pamalo pake. Zakalezo asunge.

Wa ku 25: Pepani ndinasowa masiku anayi. Ndinawaimbira agogo aakazi ku Ntcheu. Poyamba anangoti zii, kenako anayamba kuseka, akuti agogo ako anabwera nayo kuchokera ku Bulawayo asanandikwatire, ankaimba atakhala pa mpando wa ndalema pakhonde ndi kabotolo ka mafuta odzola, ndipo anasiya atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo chifukwa anthu ankati ndi nyimbo za kumowa. Bambo anga omwe sanawamvepo akuimba. Ndiye agogo anayamba kundiimbira pa foni nyimbo ina imene ankaikonda, mawu akunjenjemera, ine ndili ndi gitala pamiyendo kuyesa kuitsata pa nsambo imodzi monga ananenera asisi. Sindinaipeze yonse koma mzere woyamba unabwera, ukuyambira pa 12 kutsika ku 7, ndipo pali noti ina imene siili pa 4 komanso siili pa 3, ili pakati. Ndikaiika pa 4 penipeni agogo akuti ayi si choncho.

Za kompyuta ndatsata a ku Joni, a ku Limbe mundikhululukire, chifukwa ndikufuna kupita nayo kumudzi komwe kulibe magetsi. Ndapeza T480.

Wokonza Makompyuta Limbe: Palibe chokhululuka, ngati mukupita nayo kumudzi desktop siingakwere minibasi. Koma musanapereke ndalama chitani izi pamaso pa wogulitsa. Onani CPU monga ndinanenera, ma T480 ena anatuluka ndi i5 ya 7, inu mukufuna 8250U kapena 8350U. Tsegulani Command Prompt mulembe powercfg /batteryreport, ikupatsani fayilo yoonetsa design capacity ndi full charge capacity ya batire iliyonse, ikakhala pansi pa theka mutsitse mtengo. Yatsaninso mukudina F1 mulowe mu BIOS, ikafunsa password imene wogulitsa sakuidziwa musagule ngakhale atatsitsa bwanji. Yesani ma USB onse ndi flash, komanso polowera chaja pa USB-C mugwedeze pang'ono muone ngati ikudula. Makina akhale oyaka mphindi 20 mumve fani, fani yolira kwambiri imalowa mu mayiki.

Aphunzitsi a ku Zomba: Noti ya pakati pa 3 ndi 4 ija musaikonze, agogo akunena zoona. Pa piyano kapena pa gitala ya ma fret siipezeka, n'chifukwa chake nyimbo zambiri zakwathu zikaikidwa pa kiyibodi zimamveka ngati zavala suti ya eni. Botolo limafika pamene pakamwa pafika. Ikani kachizindikiro ka choko m'mbali mwa khosi pamene agogo avomera.

Wa ku 25: Ndagula, i5-8350U, RAM 8GB, SSD 256GB, batire yakunja ili bwino yamkati yatsala pang'ono kufa. Interface ndabwereka kwa mnzanga wa kwaya uja pamodzi ndi mayiki ya kutchalitchi. Koma ndikajambula pakumveka zzzzz pansi pa mawu, ndikakweza gain ikukweranso. Ndiye kuti interface ndi yakufa?

Kastudio Ndirande: Zulani chaja mujambulenso mutiuze.

Wa ku 25: Yasiya! Zii ngati kumanda.

Kastudio Ndirande: Ndi chaja chimenecho, mwina si chenicheni kapena soketi yanu ilibe earth, ndipo pa ma inverter otchipa a modified sine wave zimakhala choncho kawirikawiri. Musadule phini ya earth monga ena amachitira, mungodzipha. Muzitchaja kaye kenako kujambula pa batire. Foninso ikhale kutali kapena pa flight mode. Gain isafike pofiira, mawu azigunda cha pa -12 pa mita, kukweza mudzakweza pambuyo.

Wa ku 25: Ndamva. Loweruka ndinyamuka m'mawa kupita ku Ntcheu ndi gitala ndi laputopu, agogo avomera kuti aimbe nyimbo zonse zimene akukumbukira, akuti zilipo zinayi kapena zisanu. Mayiki ndi imodzi yokha. Ndiiike pa iwo kapena pa gitala?

Kastudio Ndirande: Pa agogo. Gitala mudzajambula chaka chamawa dzanja likakhwima, pa track ina, kangati konse mungafune. Mayiki ikhale ngati chikhato chimodzi kuchoka pakamwa pawo, chammbali pang'ono kuti mpweya usamawombe. Jambulirani m'nyumba chitseko chotseka osati pakhonde, ngati ndi ya malata pewani masana dzuwa likamawalizitsa. Yatsani record musanawauze kuti tayamba ndipo musazimitse pakati pa nyimbo, zimene azikamba pakatipo muzidzazifuna. Tsitsani kuwala kwa sikirini ndi kuzimitsa WiFi kuti batire ikhalitse. Mukamaliza koperani pa flash pomwepo musanakwere minibasi.

Madala a ku Lunzu: Uwafunsenso ngati kabotolo kaja kakadalipo. Zinthu zotere amayi amasunga m'sutikesi pansi pa nsalu. Ndipo gitalayo ukafika usayambe ndiwe kuimba, uwapatse aigwire kaye.

Asisi a ku Leeds: Mutenge choko china chapadera, ma noti a pakati aja sakhala amodzi.